Benzi Yodzitseka Yokha ya ku Area 10

Ku Old Town, kuseri kwa masitolo a amwenye, pamene fungo la usipa wa mumsika limakumana ndi la oyilo wakupsa, kunali kashedi ka malata asanu ndi limodzi komwe Bauleni Chikuse ankagwirira ntchito. Chikwangwani panalibe. Iye ankati munthu amene galimoto yamukanira kulira sawerenga zikwangwani, amangofunsa, ndipo aliyense wofunsidwa ankaloza komweko. Anali wamagetsi a galimoto: masitata, mabatire, nyali, hutala, chilichonse choyendera waya. Munthu wake anali wamfupi, wakhosi lalikulu, waulesi pakamwa moti mkazi wake Consolata ankati anakwatiwa ndi chitsa chodziwa kudya.

Kwawo kunali cha ku Mitundu. Sukulu anaisiyira Sitandade 3, ntchito n'kuiphunzira kwa mmwenye wina wa garaja, Mgoa, amene ankaphunzitsa ndi mbama kuposa ndi mawu. Mapepala ojambulidwa mawaya a galimoto, aja amisiri a ku koleji amawayala pa boneti, Bauleni ankawaona ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Iye anali ndi njira yakeyake. Waya wake wonse unali wofiira, chifukwa mlamu wake wina womanga nyumba anamupatsa chimpukutu chotsala pa ntchito, ndipo chimpukutucho chinakana kutha. Kuti asasokonezeke ankamanga mfundo kumapeto kwa waya uliwonse: mfundo imodzi wa ku batire, ziwiri wa hutala, zitatu wa swichi. Ankatha kupisa dzanja pansi pa chiwongolero maso ali kumwamba n'kumawerenga mawayawo ndi zala. Amisiri anzake ankadandaula kuti galimoto ikadutsa m'manja mwa Bauleni ndiye kuti yalowa m'banja, wina sangaikhudzenso.

Chimene ankanyadira kwambiri sichinali magetsi ayi. Kumudzi kwawo ankadziwika ndi misampha. Mbewa, nkhwali, ngakhale likongwe amene anamaliza nkhuku za mudzi wonse, zonse zinathera m'manja mwake. Atabwera m'tauni anasiya makhwekhwe ndi ulusi, koma mutu wotchera uja anabwera nawo.

Likulu la boma litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ntchito inamuchulukira. Malole ankabwera atasenza mafayilo ndi mipando, pambuyo pake mabwana ndi magalimoto awo otopa ndi mapiri a kumeneko. Mmodzi mwa iwo anali a Felton Chirambo, a ku Rumphi, mkulu mu ofesi ina ya ku Capital Hill. Anafika pa shedi m'mawa wina wa Ogasiti mu 1976, atavala suti ya khofi, ali pa Benzi yakale yotuwa yomwe anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo. M'khwapa anali atapanira kabokosi.

"Ndinu a Chikuse? Akuti inuyo palibe waya umakukanikani," anatero a Chirambo, Chichewa chawo chikukokera kumpoto. "Iyi ndi alamu. Ndinagula kunja nditapita ku maphunziro. Pali munthu amalowa m'galimoto mwanga masana ine ndili ku ntchito."

Bauleni anatsegula kabokosiko. Munali kabokosi kena kachitsulo, timaswichi ta m'zitseko, kaloko kakang'ono kokhala ndi kiyi wakewake, ndi pepala la Chizungu lomwe analipinda bwinobwino n'kuwabwezera eni ake.

"Wabapo chiyani, bwana?"

"Sanabe kanthu. Koma tamverani. Sindikufuna kuti izingolira basi. Ndikufuna wolowamo asatuluke mpaka wina abwere ndi kiyi. Zingatheke?"

Apo mtima wa Bauleni unadumpha ndi chimwemwe. Zaka zonsezi anthu ankamubweretsera zinthu zakufa kuti azidzutse, ndipo uyu anali woyamba kumupempha kuti atchere. Anayenda mozungulira galimotoyo kawiri. Maloko a Benzi imeneyo sankayendera magetsi, ankayendera mpweya. Ukatembenuza kiyi pa chitseko cha dalaivala, timapaipi tochepa ngati tsekera tinkakoka mpweya, timitu tonse tinayi ta maloko n'kumira pamodzi, galimoto n'kutulutsa kaphokoso ngati munthu akuusa moyo. Bauleni anatseka ndi kutsegula kangapo akumvetsera.

"Zitheka," anatero.

A Chirambo anati ntchitoyo ikagwiridwire kunyumba kwawo, ku Area 10. Bauleni anali asanapondeko. Anapalasa njinga yake kuwoloka mtsinje wa Lilongwe, kudutsa tchire lija linali pakati pa tauni yakale ndi City Centre, mpaka kukafika kumene misewu ya phula yosalala inkangokhotakhota popanda munthu woyendamo. Nyumba zinali zoyera, zotalikirana, makatani otseka. Kunalibe utsi, kunalibe mwana wolira, kunalibe ngakhale nkhuku yodutsa pamsewu. Mitengo yomwe anadzala inali ikadali yolekeza m'chiuno, yomangiriridwa ku timitengo tina, ndipo dzuwa linkagwa pa dothi lofiira popanda chotchinga. Kwa munthu wozolowera phokoso la kumsika, chete ameneyo ankamuyabwa kumsana. Anaona kuti garaja ya nyumbayo inali yodzaza mabokosi a ku Zomba osatsegula, Benzi ili panja. Anaonanso kuti mwini Benzi ankapita ku ntchito pa galimoto ya mnzake, koma sanafunse chifukwa.

Ntchitoyo inamutengera masiku awiri. Anaika timaswichi m'mafelemu a zitseko zonse, kuti chitseko chikatsegulidwa n'kutsekedwanso kabokosi kachitsulo kaja kadziwe. Kuchokera pamenepo anakoka waya kupita ku hutala, wina kupita ku kavalavu komwe anachotsa pa galimoto yakufa, n'kukalumikiza pa kapaipi ka mpweya. Timitu ta maloko anatidula kuti tikamira tizilowa kwathunthu m'chitseko, chala chisapeze pogwira. Zogwirira zotsegulira mkati anazikonza kuti loko ikatsika zizingosewera pachabe. Kaloko ka kiyi kaja anakabisa kunsi kwa madigadi, kuti ndiko kazimasula zonse. Atamaliza anakhala pampando wakumbuyo n'kudzifunsa zimene ankadzifunsa kumunda kuja, kuti ndikanakhala mbewa ndikanatulukira pati. Maso ake anagwera pa zopukusira magalasi. Zimenezi palibe anamuuza, anangoziganiza yekha: anachotsa timapini take, moti ukapukusa chogwiriracho chinkazungulira mofewa galasi osasuntha.

Masana a tsiku lachiwiri anakhala pampando wa dalaivala kuti ayese. Anatseka chitseko, kiyi wa madigadi atampatsa Alinesi, mayi wantchito wa pakhomopo, kuti aime naye panja. Anawerenga mpaka khumi. Galimoto inausa moyo, timitu tinamira, hutala inayamba kulira. Bauleni anamwetulira yekha. Kenaka anakweza maso pa galasi loonera kumbuyo, kumwetulira kuja n'kuuma.

Kuseri kwa galimoto kunaima mayi wachikulire wowonda, atavala jasi lakuda lomanga mabatani mpaka m'khosi, duku loyera, nsapato za kutchalitchi, atakumbatira kamtolo ka nsalu. Hutala inkalira mogonthetsa m'kutu koma iwo sanaphethire n'komwe. Ankayang'ana mpando wakumbuyo monga munthu amayang'anira malo ake m'basi.

Alinesi atamasula, Bauleni anatuluka. Mayi aja anamuyandikira, anamugwira dzanja ndi zala zozizira, n'kulankhula m'Chitumbuka.

"Adalaivala, tikuluta pauli?"

Chitumbuka cha Bauleni chinali cha kumsika, koma anamva kuti akufunsidwa kuti anyamuka liti. Asanayankhe, Alinesi anawatenga mayiwo mofatsa n'kulowa nawo m'nyumba. Atabwerako anaima kutali pang'ono, akupukuta manja ouma kale.

"Ndi mayi awo a abwana, a NyaKhonje," anatero motsitsa mawu. "Ku Zomba ankadziwa njira ya kumsika ndi ya kutchalitchi, mutu unkagwira pang'ono. Kuno sadziwa chilichonse. Tsiku lililonse amavala chonchija, n'kulowa m'galimoto kumbuyoko kudikira kuti awapititse kwawo. Musanene kuti ndakuuzani, abambo. Abwana safuna kuti zimveke."

"Ndiye wakuba uja ndi ameneyu?"

Alinesi anavomera ndi mutu.

Bauleni anamva manyazi osakanikirana ndi mkwiyo. Anali atathera luso lake lonse kutchera mayi wa munthu. Anakwera njinga osasamba m'manja, n'kukaima pa chipata cha maofesi ku Capital Hill mpaka nthawi yoweruka. A Chirambo atamuona ndi ovolosi yake ya oyilo pakati pa anthu a mataye, anamukokera pambali msanga.

"Bwana, munandinamiza," anatero Bauleni. "Mbava ija ndaiona. Yavala duku."

A Chirambo anavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali. Atayamba kulankhula, mawu awo sanalinso a mu ofesi.

"A Chikuse, amama akakhala m'galimoto muja theka la ola osaona dalaivala, amatuluka n'kuyamba kuyenda. Koyamba tinawapeza m'mphepete mwa Lingadzi, miyendo ili m'matope. Kachiwiri anawatola anthu a lole kupitirira Kanengo, akulowera ku Kasungu, mapazi akutuluka magazi. Mkazi wanga Ada amaphunzitsa, ine ndili kuno, Alinesi ali ndi manja awiri okha. Ndinayesa kuwatsekera m'chipinda, anadzimenyetsa ku chitseko mpaka kutupa nkhope. Ndinayesa kukiya galimoto, anangoidutsa n'kulowa mumsewu. Koma mkati mwa galimoto muja amakhala phee, amasangalala. Ndikungofuna kuti akalowa, hutala iitane Alinesi, iwo asanatuluke. Kumudzi kulibe wowasamala, alongo anga onse anamwalira. Inuyo mukanatani?"

Bauleni anakumbukira pamene Benzi ija inkaima. Anaganiza za dzuwa la pabwalo lija.

"Galimoto yotseka magalasi ndi uvuni, bwana. Mwezi wa mawa kuyamba kutentha. Muchotse mabokosi aja muiike mu garaja. Ndipo hutala isadzaleke kulira. Hutala ikangokhala chete, chinthu chija n'chakupha."

"Ndamva. Mabokosi ndichotsa Loweruka."

Bauleni anasiyira Alinesi nambala ya foni ya sitolo ya mmwenye yoyandikana ndi shedi yake, n'kubwerera ku Old Town mtima uli m'mwamba. Kwa milungu ingapo, dzuwa likafika pamutu ankapezeka wasiya sipanala n'kumamvetsera, ngati hutala ya ku Area 10 ingamveke kumsika. Consolata anamufunsa ngati wayamba kudwala m'makutu. Kawiri konse anapalasa njinga kukaona. Ulendo woyamba anapeza zikuyenda monga ananenera a Chirambo: hutala inalira, Alinesi anatuluka ndi kiyi ndi kapu ya tiyi, a NyaKhonje anamwera tiyiyo m'galimoto momwemo, kenaka anavomera kulowa m'nyumba atauzidwa kuti dalaivala wadwala lero. Ulendo wachiwiri anapeza mabokosi akadali mu garaja. Loweruka la a Chirambo linali lisanafike.

Foni inabwera Lolemba lina mkati mwa Okutobala, tsiku lotentha moti phula la mumsewu linkamata ku nsapato. Mmwenye anamuitana mokwiya kuti pali mayi akulira pa foni yake.

"Abambo, ndine Alinesi. Agogo ali m'galimoto. Hutala sinalire, sindikudziwa analowa nthawi yanji, ine ndimasita. Kiyi ndikutembenuza koma sikutsegula."

"Tengani mwala muswe galasi."

"Benzi ya abwana? Ine?"

"Iswani, ndidzanena kuti ndine."

"Ndaimba ku ofesi, akuti ali mu miting'i, saloledwa kutuluka. Adona kusukulu kwawo kulibe foni. Bwerani, chonde."

Pa shedi panali kapikapu ka kasitomala wina komwe anali atangokonza sitata. Sanapemphe. Mmene anayendetsera tsiku limenelo, munthu wosakhala ndi laisensi, anthu a pa mlatho anazikamba kwa sabata yathunthu.

Pabwalo la a Chirambo anapeza anthu asanu ndi mmodzi: makhukhi ophika m'nyumba zoyandikana, osamalira maluwa, mlonda wina wokhala ndi chibonga m'manja. Wina anali atayala masaka pa galasi lakutsogolo, wina ankathira madzi padenga la galimoto ndi chitini chothirira maluwa. Anthu abwino onsewo, ndipo aliyense anali ndi chisoni pankhope. Koma panalibe mmodzi yemwe akanakweza dzanja pa galasi la Benzi ya bwana wa ku Capital Hill, m'zaka zimene munthu ankatha kuchotsedwa ntchito chifukwa cha kapu yosweka. Mlonda uja anali atabisa chibonga chake kumbuyo, ngati akuopa kuti chingamenye chokha.

Chimene Bauleni sanachiiwale mpaka ukalamba wake ndi kuti panalibe phokoso lililonse. A NyaKhonje sankakuwa, sankamenya galasi. Anakhala mowongoka pampando wakumbuyo, jasi lili chimangire mpaka m'khosi, nkhope yatuwa, milomo yang'ambika, maso ali kutsogolo. Dzanja lawo lamanzere linkapukusa chogwirira cha galasi pang'onopang'ono, kuzungulira, kuzungulira, mofewa monga anachikonzera iye.

Bauleni anamenya galasi la dalaivala ndi sipanala yaikulu. Mpweya wotuluka mkatimo unamuwomba kumaso ngati wavundukula mphika. Analowetsa mutu ndi phewa, magalasi akumucheka, n'kupisa dzanja pansi pa chiwongolero. Zala zake zinapeza waya wa mfundo zitatu uli lende, wodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Pambali pake wa mfundo ziwiri, wodulidwanso. Anasenda mapeto a wa mfundo zitatu ndi mano, n'kuwagunditsa, akukuwira Alinesi kuti atembenuze kiyi. Galimoto inausa moyo ndipo timitu tinatuluka.

Anawanyamula ngati mtolo wa mapesi, opepuka, otentha. Anawavula jasi, Alinesi akuwathira madzi, n'kuwagoneka m'kapikapu kaja kuthamangira nawo kuchipatala. Madokotala anati akanachedwa pang'ono, bwenzi akunena zina. A NyaKhonje anagona masiku atatu, n'kudzuka.

Zimene zinachitika zinadziwika madzulo omwewo. Bwana wina wamkulu wa nyumba yachitatu anali atatumiza uthenga kuti hutala ya masana alionse ikumusokoneza tulo, ndipo akufuna kudziwa kuti kwa a Chirambo kukuchitika chiyani. Funso limenelo, m'masiku amenewo, munthu sankagona nalo. Lamulungu atabwerako ku tchalitchi, a Chirambo anatenga sizasi ya a Ada n'kusuzumira pansi pa chiwongolero. Anapeza mawaya onse ndi ofiira. Anadula umodzi, hutala inaliriabe. Anadula wina, inakhala chete. Anamuuza Alinesi kuti azingosuzumira pawindo pafupipafupi, ndipo kiyi wa madigadi sanamuyese.

Bauleni sanadikire kuti amve zonsezo. Atachoka kuchipatala anabwerera ku Area 10 n'kuzula chilichonse chimene anaika. Mawaya, timaswichi, kavalavu, kabokosi kachitsulo, zonse anaziunjika pakhonde. Timapini ta zopukusira magalasi anatibwezera m'malo mwake. A Chirambo anamupeza akumaliza.

"A Chikuse, kulakwa n'kwanga, ndavomera. Mabokosi ndichotsa lero lomwe. Koma musandichotsere zimenezi. Akatuluka kuchipatala ndidzawagwira ndi chiyani?"

"Sindinaphunzire ntchitoyi kuti ndiziwotcha anthu, bwana."

"Ikani hutala yokha, ndi maloko. Magalasi asiyeni."

"Dzanja langa silidzakhudzanso galimoto iyi. Funani wina."

A Chirambo anafunadi wina. Amisiri awiri anabwera, anayang'ana mulu wa mawaya ofiira a mfundomfundo, anayang'ana timapaipi ta mpweya, n'kupukusa mitu. Bauleni atamva anakhutira. Kunena zoona anadzimva kuti wachita chinthu cholungama, ndipo anagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri.

Patapita milungu itatu, tsiku lotsatira mvula yoyamba, Alinesi anapita kuseri kukaanula zovala. Atabwerako anapeza chitseko chakumbuyo cha Benzi chili chotsegula, pampando pali kadzenje ka munthu amene wangonyamukapo. Mapazi a nsapato za kutchalitchi anaoneka pa dothi lonyowa mpaka pa chipata. Kuyambira pamenepo linali phula.

A NyaKhonje anawafuna anthu a kumpingo, anawafuna apolisi, uthenga unaulutsidwa pa wailesi. Bauleni anamva kwa mmwenye uja. Anatseka shedi osauza munthu, n'kupalasa njinga msewu wa ku Kasungu, akufunsa pa sitolo iliyonse, pa chigayo chilichonse, kwa amayi ogulitsa mango m'mbali mwa msewu. Anafika ku Lumbadzi, tsiku lina mpaka ku Mponela. Wina anati anaona gogo wa jasi lakuda akupempha madzi, wina anati ayi, ameneyo anali wa m'mudzi momwemo. Anatsika m'madambo, anasuzumira pansi pa milatho, anayenda m'mphepete mwa Lingadzi madzi atayamba kudzaza. Masiku khumi ndi awiri anatha chonchi. Chimanga chinamera, udzu unakula n'kubisa njira zonse, ndipo anthu anayamba kubwerera ku ntchito zawo mmodzimmodzi.

A Chirambo anabwera pa shedi mu Januwale, wapansi, suti ikuwakhuthukira. Anakhala pa batire lakufa osapukuta. Bauleni anadikira kutukwanidwa, ndipo mumtima ankafuna kuti atukwanidwe, koma munthuyo analankhula mofatsa ngati akufunsa njira.

"Kwathu afuna kudziwa kuti alire liti," anatero. "Ndawauza kuti sindikudziwa. Sitingalire maliro opanda mtembo, komanso sitingakhale osalira. A Chikuse, sindikukuimbani mlandu. Munawapulumutsa, ndinaona ndi maso anga. Koma ndikagona ndimaganiza kuti mukanachedwa tsiku lija, bwenzi pano ndili ndi manda oti ndiziwalozera ana anga. Ndi tchimo kuganiza choncho, ndikudziwa, koma ndimaganiza."

Bauleni anayang'ana manja ake. Chilonda cha galasi chinali chitapola, chatsala chipsera chotuwa.

"Ndabwera kudzapempha chinthu chimodzi," anapitiriza a Chirambo. "Akadzabwera, sadzagogoda pakhomo. Nyumba ija saidziwa. Adzalowa m'galimoto. Ndipo akadzadikira osaona munthu, adzatulukanso."

Anthu amene ankamudziwa Bauleni amati sanabwezepo mawu ake pa chilichonse, ngakhale kwa Consolata. Tsiku limenelo anangonyamuka n'kutenga chimpukutu chake cha waya wofiira chija.

Ulendo uno anayamba ndi denga. Anazika mitengo inayi pafupi ndi chipata, pamene munthu wodutsa mumsewu akanaiona Benzi, n'kufolera ndi udzu wochindikala, zomwe zinakhumudwitsa anthu a Area 10 koma palibe ananena. Anabwezera timaswichi, kavalavu ndi hutala. Magalasi anawatsitsa onse mpata wa zala zitatu kuti mpweya uzilowa. Chitseko chakumbuyo anachisiya chotsegula pang'ono. Waya uliwonse anaumangirira kapepala, a Ada n'kulembapo dzina lake ndi inki.

Benzi ija sinayendenso. A Chirambo anagula kagalimoto kena kopitira ku ntchito. Matayala anaphwa, utoto unasuluka, mitengo ya pabwalo inakula mpaka kupitirira denga la nyumba. Hutala inalirapo katatu m'zaka zonsezo: kamodzi inali mphepo, kamodzi mwana wa mlendo, ndipo kachitatu sanapeze chimene chinatseka chitseko, ngakhale Bauleni anafufuza waya uliwonse ndi zala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Batire la galimoto yongokhala limafa, ndipo batire likafa hutala silira. Choncho Loweruka loyamba la mwezi uliwonse Bauleni ankamangirira batire lodzaza pa kaliyala ya njinga n'kupalasa kuchokera ku Old Town, kukasintha, n'kubwera ndi linalo kudzalidzaza. Palibe anamutuma. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi, mpaka a Chirambo atapuma ntchito n'kubweza nyumba ya boma. Pa nthawi yonseyo ntchito za maalamu zinachuluka m'tauni, koma iye ankazikana, n'kumaloza kwa amisiri ena.

Consolata anamuperekeza kamodzi kokha, ndipo ndi iye amene anadzafotokoza mmene mwamuna wake ankafikira pakhomopo. Ankatsika njinga patali, pa chipata penipeni, n'kuyenda mwakachetechete ngati akuopa kudzutsa munthu. Sankayamba ndi boneti. Ankapita kumbuyo, n'kuima kanthawi maso ali pansi, akupuma mwamphamvu. Consolata anamufunsa kuti akuopa chiyani, kuwapezamo kapena kusawapezamo. Bauleni anati sakudziwa. Kenaka anavula chipewa, n'kuwerama kusuzumira pa galasi lakumbuyo.